Mutu 6: Dzina Lakale la Modesta

1. Pakhonde

Kuseri kwa sekondale ya Chiwindo, chakumadzulo kwa Namitete, kuli damu lalikulu lomwe linatsala esiteti ya fodya itatsekedwa. Kwa zaka zambiri damulo linali la ng'ombe ndi amayi ochapa. Kenaka bungwe lina la masewera linabweretsa mabwato opyapyala, ataliatali ngati nsungwi, n'kuyamba kuphunzitsa ana a sukulu kupalasa.

Poyamba anthu anaseka. Bwato lanji loti wopalasa akhale chofulatira komwe akupita? Koma ana atayamba kupikisana, anthu omwewo ankasiya ntchito zawo n'kudzadza m'mbali mwa damu.

Pakati pa atsikana, katswiri anali Triza Kadzamira wa Folomu 3. Palibe ankamupeza. Zinthu zinasintha chaka chomwe kunabwera Modesta.

Modesta anali wamtali, wa mapewa otambalala, wosakonda zolankhulalankhula. Ankakhala ndi azakhali ake, a Sara, omwe ankagulitsa mandasi pa siteji ya minibasi. Tsiku loyamba kulowa m'kalasi, Triza anamuyang'ana kawiri n'kumuzindikira. Anaphunzira limodzi kupulayimale ku Nsaru, komwe bambo a Triza ankaphunzitsa asanapume pantchito.

Nthawi imeneyo mwanayu ankatchedwa Nedson. Ankavala kabudula, koma ankasewera fulaye ndi atsikana, ndipo aliyense womufunsa ankamuyankha chimodzimodzi: "Ine ndine mtsikana." Mawu amenewo anamukwapulitsa kunyumba ndi kusukulu komwe, mpaka azakhali ake anadzamutenga.

"Chonde Triza," anatero Modesta tsiku limenelo, atamukokera kuseri kwa kalasi. "Kuno ndine Modesta. Ahedi akudziwa, aphunzitsi a masewera akudziwa. Ena asadziwe. Kuno ndimagonako tulo."

Triza analonjeza. Anakhala mabwenzi, ogawana chinangwa ndi cholembera. Koma Modesta ataphunzira kugwira nkhafi, anayamba kumusiya Triza m'mbuyo. Ndipo kunkabwera mpikisano waukulu, womwe wopambana wake amayenera kupita ku Lilongwe, kukaphunzitsidwa ndi akatswiri osankha timu ya chigawo.

M'mawa wa tsiku la mpikisano, Triza atatuluka ndi chikwama chake, anapeza bambo ake ali pakhonde akuswa mtedza.

"Takhala apa kaye," anatero a Kadzamira.

Triza anagwada pambali pa lichero.

"Dzulo ndinakumva ukulankhula ndi amayi ako kukhitchini. Unati mawa ukaluza kwa mnyamata. Ndinamva bwino, eti?"

Triza anangowerama.

"Mvera, mwana wanga. Za mwana uja ine sindikunamiza, sindizimvetsa. Ndinamuphunzitsa Sitandade 4. Ndakhala mkulu wa mpingo mpaka imvi izi. Koma ukandifunsa kuti Mulungu anamuumba bwanji m'kati mwake, ndikuyankha kuti sindikudziwa. Ndipo ngati iwe ukuona kuti mpikisanowu suli wachilungamo, kudandaula si tchimo. Alipo anthu oyenera kuwauza. Nyumba iliyonse ili ndi khomo, ulowere pakhomo. Koma mawu omwe ndinamva dzulo sanali a munthu wofuna chilungamo. Anali a munthu wopsa mtima.

"Chaka china ndinali pamsika wa Kasiya. Mayi wina anasowa nkhuku yomwe anagula. Anatembenuka, anaona mnyamata akuyenda mofulumira, n'kukuwa kuti, 'Uyo!' Liwu limodzi basi. Pamene nkhuku ija inkapezeka pansi pa benchi, miyendo ili yomanga momwe anaisiyira, n'kuti mnyamata uja atagona m'fumbi, mano ali pansi. Mayi yemwe uja ndi amene ankalira kuti amusiye, koma ndani akanamumva? Gulu la anthu lili ndi makutu omvera kuti 'gwirani'. Omvera kuti 'siyani' lilibe.

"Chinsinsi chomwe mwana uja anakupatsa si chako. Anangokusungitsa. Ukachiponya pagulu, anthu sakachita zomwe iwe ukufuna, akachita zomwe iwo akufuna. Madzi akatayika saoleka. Wandimva?"

"Ndamva, Bambo."

"Pita ukapalase. Ukakhala wachiwiri, ubwere, udzadya nkhomaliro ngati masiku onse."

2. Lamulo la mpikisano

Kudamu kunali kutadzaza kale. Kunali ana a sukulu ya Chiwindo, a sukulu ya Mphanda ndi ena ochokera kufupi ndi Mpingu. Kunali ogulitsa nzimbe ndi mbatata yootcha, kunali a kabaza atakhala panjinga zawo. Mphepo ya mwera inkakwinya madzi.

A Chakufwa Gondwe, aphunzitsi a masewera a pa Chiwindo, anakwera pachitsa n'kuitana opalasa onse.

"Ndisanalize wezulo, ndikukumbutseni lamulo lomwe bungwe lathu limatsata pa mipikisano ya sukulu," anatero. "Mwana aliyense amapalasa m'gulu lomwe sukulu yake imamudziwira, la atsikana kapena la anyamata. Ngati wina ali ndi dandaulo pa mnzake, kaya ndi la zaka, kaya ndi la china chilichonse, abwere kwa ine kapena kwa a komiti, payekha, mpikisano usanayambe. A komiti amakambirana m'chipinda, chitseko chili chotseka, ndipo akafuna nzeru amafunsa madokotala. Akhoza kuvomereza dandaulo, akhoza kulikana.

"Koma zinthu ziwiri n'zoletsedwa. Palibe mwana wofunsidwa pagulu za thupi lake. Palibe mwana wogwiridwa ndi munthu aliyense kuti ati aone. Kaya ndinu kholo, kaya ndinu mphunzitsi, kaya ndinu ndani. Tabwera kudzapikisana, sitinabwere kudzavulana ulemu. Mwamva?"

"Tamvaaa!"

Anthu atabalalika, Triza anatsalira. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pachitsa paja. A Gondwe ankalemba mayina a mabwato, ndipo atadzutsa mutu anamuona.

"Pali vuto, Triza?"

Triza anatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo anaona Modesta akutsika kuchokera kushedi yosinthiramo zovala, atanyamula nkhafi zinayi paphewa, zake ndi za Triza. Ankamwetulira.

Triza anaganiza kuti akadandaula, a komiti akhoza kunena kuti palibe cholakwika. Zikatero iye akanatsala ndi dzina la wophwanya lonjezo, wopanda chomwe wapindula. Komanso anali atalimbikira mwezi wonse, mpaka m'manja munatuluka matuza. Mwina lero akanatha kupambana ndithu.

"Palibe, aphunzitsi," anatero.

"Ndiye kakonzeke. Atsikana ndinu oyamba."

3. Pamadzi

Mabwato anayi anandanda kumtunda kwa damu. Triza anamanga mapazi ake, n'kuyesa kampando kotsetsereka. Kumanja kwake kunali Modesta. Kumanzere kunali Eunice wa ku Mphanda, ndipo kutsidya kwa Eunice kunali mtsikana wa ku Mpingu.

Wezulo inalira.

Triza anayamba bwino. Anakankha ndi miyendo, nakoka ndi msana, monga anaphunzitsidwira. Wopalasa saona kutsogolo, amaona okhawo omwe wawasiya m'mbuyo. Posakhalitsa Triza ankawaona onse atatu, ndipo kumtunda ana a Chiwindo ankakuwa dzina lake.

Atadutsa pakati pa damu, miyendo inayamba kuotcha. Eunice ndi mtsikana wa ku Mpingu anali kutali. Koma bwato la Modesta linkabwera mosapupuluma, nkhafi zikulowa m'madzi popanda phokoso. Linafika pambali pake. Kwa kanthawi anayenda limodzi, akupumira pamodzi. Kenaka linachoka m'maso mwake.

Triza anadziwa tanthauzo lake. Anakoka mpaka matuza anaphulika, koma pofika pachingwe cha zigubu zoyandama, wezulo inali italira kale. Modesta anali woyamba. Kusiyana kwawo kunali kosakwana ndi bwato lomwe.

Atakokera mabwato kumtunda, Modesta anamuthamangira n'kumukumbatira, thukuta lili chuchuchu.

"Iwe, lero unafuna kundipha! Ndimangomva nkhafi zako m'khutu." Anathyola nzimbe pabondo, n'kumupatsa mbali yakutsinde, yotsekemera. "Ku Lilongwe ndikawauza kuti kwathu kwatsala wina. Chaka chamawa tipita tonse, uona."

Triza analandira nzimbeyo. Modesta anavala chitenje pamwamba pa kabudula wa masewera, n'kupita kukathandiza azakhali ake kugulitsa mandasi pansi pa mtengo wa mango.

Triza anakhala pamwala. Ana a Folomu 1 omwe ankamukuwirira aja anamudutsa osamuyang'ana, akuthamangira komwe kunali Modesta. Anaponya nzimbe ija m'madzi.

4. Liwu limodzi

Pafupi ndi mwalawo panali gulu la amayi a ku Mphanda. Pakati pawo panali a Margret, mayi ake a Eunice, mayi wa thupi lake ndi mawu omveka kutali. Mwana wawo anali atakhala wachitatu, ndipo sizinawakomere.

"Koma mtsikana ameneyu amadya chiyani?" ankatero a Margret. "Mapewa ngati wosenza mabelo a fodya. Manja mwawaona? Ndi mawu akewo, mwawamva?"

Amayi aja anaseka. A Margret anatembenuka n'kuona Triza.

"Iwe mwanawe, wapalasa bwino. Ukanapambana ndiwe. Kodi mnzakoyu kwawo n'kuti?"

Triza anayang'ana m'manja mwake momwe munkatuluka timagazi. Anayang'ananso kumtengo wa mango. Modesta ankaseka, atazunguliridwa ndi ana.

"Mukamufunse kuti Nedson wa ku Nsaru ndi ndani," anatero.

A Margret anayang'ana anzawo. Kenaka anawomba m'manja kamodzi. "Ndimanena ine! Ndi mwamuna?"

Triza sanakane.

Nkhani inayenda m'mbali mwa damu. Inachoka kwa amayi kupita kwa ogulitsa nzimbe, inachoka kwa ogulitsa nzimbe kupita kwa a kabaza. Pofika kwa anyamata a ku Mphanda inali itamera miyendo ndi mchira. Ena ankati sukulu ya Chiwindo inaveka mnyamata siketi kuti ibe mendulo. Ena ankati ndi zamatsenga, mwanayo amasandulika.

Pamadzi panali patayamba mpikisano wa anyamata. A Gondwe ndi a komiti onse anali kutsidya, pachingwe chomalizira.

A Margret anamugwira Triza padzanja n'kumukokera pambali.

"Mvera, mwanawe, ndikuuze ngati mayi ako. Za makomiti zija n'zotaya nthawi. Akakhala pansi, amwa tiyi, akuuza kuti tikufufuza. Pofufuzapo mnzakoyo ali ku Lilongwe, iwe uli kuno ukupalira mbatata. Ife ndife amayi, tinabereka, palibe chomwe dokotala angatiuze. Ana athu aakazi amasinthira zovala limodzi ndi munthu ameneyu, ndiye tikhale chete? Ukamuitane. Ukamuuze kuti aphunzitsi akumufuna kushedi. Ife tikangomufunsa mafunso basi, sitikamuchita kanthu. Akavomera, nkhani yatha, mendulo ndi yako. Ukapanda kudzithandiza wekha, palibe akuthandize. Pita."

Shediyo inali nyumba yakale yosankhiramo fodya, ya njerwa, yokhala ndi khomo limodzi. Ndi momwe atsikana ankasinthira zovala.

Triza akanatha kukana. Akanatha kuthamangira kutsidya kukauza a Gondwe kuti zinthu zayamba kuipa. Njira yopita kutsidya inali pomwepo, yodutsa pamwamba pa khoma la damu. Iye anatenga njira ya kumtengo wa mango.

A Sara anamuona ali patali. Anali mayi wochepa thupi, wa mpango wofwifwa.

"Wabwera mnzake wa mwana wanga! Tenga, mama, wagwira ntchito lero." Anasankha ndasi lalikulu n'kumuikira m'dzanja. "Usalipire."

Nkhani ija inali isanafike pansi pa mtengowo.

"Modesta," anatero Triza, "aphunzitsi akukufuna kushedi."

"A Gondwe? Si ali kutsidya?"

"Abwerako. Akuti za ulendo wa ku Lilongwe."

Modesta anapukuta manja pachitenje. "Tiye undiperekeze."

Anayenda limodzi, dzanja la Modesta lili paphewa la Triza. Njira yonse Modesta ankafunsa ngati ku Lilongwe kumafunika bulangete lako kapena amapereka.

5. M'shedi

Atangolowa, chitseko chinatsekedwa kumbuyo kwawo.

M'katimo munali amayi ambiri, ena a ku Mphanda, ena a m'midzi yapafupi, ena oti Modesta ankawapatsa moni tsiku ndi tsiku pasiteji. A Gondwe munalibe. Modesta anachotsa dzanja paphewa la Triza.

"Dzina lako ndani?" anafunsa a Margret.

"Modesta."

"Ndati dzina lako ndani?"

"Modesta, mayi."

Khofi linalira. Modesta anagwira tsaya.

"Nanga Nedson ndi ndani?"

Modesta sanayang'ane a Margret. Anatembenuka n'kuyang'ana Triza, yemwe anali atatsamira khoma, ndasi lili m'dzanja.

"Triza," anatero motsitsa mawu, "unati aphunzitsi."

Triza anayang'ana pansi.

Kunja anyamata anali atafika. Anadzadza m'mawindo opanda magalasi, ena atakwerana pamapewa. Wina anatola chigubu n'kuyamba kuchimenya ngati ng'oma.

"Nedisoni, tuluka! Nedisoni, tuluka!"

"Chitenje n'cha akazi ichi," anatero mayi wina. Anachikoka mwamphamvu n'kuchiponya pawindo. Modesta anatsala ndi kabudula wa masewera ndi jezi, monga anapalasira. Anyamata aja analandira chitenjecho ndi mfuwu, anachimangirira kunkhafi, n'kumachikupiza m'mwamba ngati mbendera.

"Chonde, amayi, sindinalakwire munthu," ankatero Modesta. "Mendulo sindikuifuna. Mupatseni Triza. Ndisiyeni ndizipita."

"Wamva? Akuvomera yekha!"

Amayi awiri anamugwira manja. A Margret anatola khala pomwe alonda ankasonkhapo moto, analilavulira, n'kumujambula ndevu kuyambira khutu ili mpaka linalo, ndi zina pansi pa mphuno. Anajambula mosafulumira, akubwerera m'mbuyo kuti aone ngati zalingana. M'shedi monse munali phwete.

"Tsopano waoneka bwino, bambo Nedisoni!"

Kenaka anatsegula chitseko n'kumukankhira kunja.

Gulu linamulandira. Anamuzunguliza pakati, uyu akumukankhira kwa uyo. Wina anamuthira matope a m'damu m'mutu. Ana a Folomu 1, omwe aja ankamuzungulira pansi pa mango, nawonso ankaimba nyimboyo akudumphadumpha. Modesta sankalira mokweza. Anangophimba nkhope ndi mikono, misozi ikutsetsereka ndi makala.

A Sara anafika akuthamanga, beseni la mandasi lili pamutu chifukwa analibe womusiyira.

"Mwana wanga! Musiyeni mwana wanga! Walakwa chiyani?"

Mwamuna wina anawatchinga ndi mkono. "Ndinu amene mumamubisa, eti?" Anawakankha, anagwa chagada, mandasi anamwazika m'fumbi. Ana anayamba kulimbirana, ena akukokerana pamwamba pa mayiyo.

"Avule tione!" anakuwa munthu wina kumbuyo. Ena anavomereza, ndipo bwalo linayamba kuchepa.

Apo m'pamene a Gondwe anatulukira. Anali atathamanga kuchokera kutsidya, wezulo ikulendewera pakhosi. Analowa pakati pa gulu akukankha anthu ndi zigongono, anavula jekete n'kumufunditsa Modesta kumutu.

"Womugwira mwana uyu ayambe wagwira ine!"

Mwala unachokera kumbuyo n'kuwagenda pamwamba pa diso. Magazi anatsika mpaka pakolala. Anthu ataona magazi a mphunzitsi anabwerera m'mbuyo pang'ono. A Gondwe anadzutsa a Sara, anaitana wa njinga yamoto yemwe ankamudziwa, n'kuwakweza awiriwo.

"Usaime paliponse," anamuuza. "Ukawasiye pakhomo."

Njinga inanyamuka, miyala ndi zitsononkho zikuitsatira.

Triza anali adakali pakhomo la shedi. Ndasi lija linali litaphwanyika m'dzanja lake, mafuta akulowa m'matuza.

6. Mendulo

A komiti anakumana mwachangu pansi pa mtengo. Gulu linali lisanabalalike, ndipo anyamata ena anali atayamba kunena zoswa mabwato. Wapampando, bambo wachikulire wa magalasi, ankapukuta thukuta ngakhale kunkazizira.

Pomaliza analengeza kuti pofuna bata, mendulo ya atsikana iperekedwe kwa yemwe anakhala wachiwiri, ndipo nkhani ya mwana winayo idzaunikidwa mtsogolo.

A Margret analuluta. Amayi anzawo anamunyamula Triza m'mwamba mpaka pachitsa.

Mwambo unali woti mphunzitsi wa wopambana ndiye amuveke mendulo. A Gondwe anabwera atamanga mpango pachipumi. Sanamuveke m'khosi. Anamutambasula dzanja n'kumuikira m'chikhatho, ndipo analankhula motsitsa kuti amve yekha.

"M'mawa ndinakufunsa ngati pali vuto. Unati palibe. Ukanandiuza, ndikanapita nalo dandaulo lako kwa a komiti ine mwini, ndipo dzina lako silikanamveka. Funso lomwe unali nalo si lopusa. Akuluakulu a masewera m'mayiko ambiri akukanganabe pa nkhani imeneyi, ndipo mwina a komiti akanagwirizana nawe. Mwina ukanapita ku Lilongwe mutu uli m'mwamba, mnzako n'kumapitabe kusukulu Lolemba. Tsopano tandiuza, Lolemba akalowa kalasi iti? Akadutsa njira iti? Azakhali ake akagulitsa mandasi kwa ndani? Unali ndi dandaulo la mpikisano umodzi, iwe wamulanda mudzi wonse.

"Wandiuza wa nzimbe kuti unaitana Modesta m'dzina langa. Anabwera chifukwa amandikhulupirira. Chimenecho sindidzaiwala."

Anatembenuka n'kupita kukatola nkhafi zomwe zinamwazika. Anamasula chitenje cha Modesta, anachikutumula fumbi, n'kuchipinda bwinobwino.

Anthu ankawombabe m'manja. Eunice, mwana wa a Margret, anali yekha amene sankawomba. Anaima patali akulira, ndipo amayi ake atamuitana kuti adzalandire mendulo yachiwiri, anakana.

7. Njira ya kusiteji

Triza anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Amayi ake anali pamtondo, ndipo atamuona anapitiriza kusinja osamulonjera. Bambo ake anali pakhonde. Nkhani inali itafika kale ndi a kabaza.

Triza anaima pabwalo, mendulo ili m'chikwama.

"Ndi zoona?" anafunsa a Kadzamira.

"Ine ndinangotchula dzina, Bambo. Zinazo anachita ndi anthu."

"Kushedi anapita yekha?"

Triza anapukusa mutu.

A Kadzamira analowa m'nyumba. Anatuluka atavala jekete lawo la kutchalitchi, ndodo ili m'manja.

"Siya chikwamacho. Tikupita kwa a Sara. Ukagwada pamaso pa mayi uja ndi pamaso pa mwana uja, ndipo ukanena ndi pakamwa pako zomwe wachita. Akakuthamangitsa, ukathamangitsidwe. Akakutukwana, ukamvere. Ine ndikaima pambali pako chifukwa ndine bambo ako, koma sindikakulankhulira."

"Bambo, anthu akandiona..."

"Anakuona kale."

Ananyamuka, bambo patsogolo, mwana pambuyo. Anadutsa m'minda yokolola kale, mapesi akulira ndi mphepo. Panjira anakumana ndi anyamata a ku Mphanda akubwerera kwawo. Atamuona Triza anaimba malikhweru.

"Katswiri! Katswiri wathu uyo!"

A Kadzamira sanatembenuke.

A Sara ankachita lendi kanyumba kofolera udzu kuseri kwa chigayo, pafupi ndi siteji. Atakwera kachitunda kotsiriza, pomwe munthu amayamba kuona madenga a malata a pamsika, a Kadzamira anaima mwadzidzidzi.

Kuseri kwa chigayo kunkakwera utsi wakuda, wochuluka, wosakhala wa zinyalala. Kunkamveka phokoso la anthu ambiri.

Mayi wina anatulukira m'kanjira akuthamanga, ndowa yopanda madzi ili m'manja, mpango utagwa.

"Kwagwanji, mayi?" anafunsa a Kadzamira.

"Kwa a Sara! Anyamata aja anawatsatira kuchokera kudamu. Ayatsa denga!"

"Eni ake atuluka?"

"A Sara awatulutsa, akomoka ndi utsi." Mayiyo ankapuma movutika, akuloza kumbuyo ndi ndowa. "Koma mwana uja anadzitsekera kuchipinda chibwerere. Tamuitana, tamenya chitseko, sakutsegula. Akuti kunjaku sakutulukanso."

A Kadzamira anatembenuka kuti alankhule ndi mwana wawo, koma Triza panalibe. Anali atatsika kale kachitundako, patapata mmodzi atatsala m'njira, akuthamangira kuutsiko n'kumakuwa dzina la Modesta.